Atsibweni anga analankhula m'makina ozimitsa

Zaka zimene munthu sunkalowa mumsika wa pa Chonde wopanda khadi la chipani m'thumba, inu musanabadwe ndipo mwina amayi anu akukwawa, kunabwera kuno anthu ngati inu nomwe atanyamula makina ojambulira mawu. Khalani pansi bwino, ana anga, ndipo kompyuta yanuyo muyambe mwaitseka, pakuti zimene mwabwera nazo mwandimvetsera kale, tsopano mumve zanga. Mwati boma lapereka ndalama kuti matepi akale a mbiri ndi zinenero alowetsedwe m'makompyuta dziko lonse lizimva, ndipo mwandisakasaka chifukwa pa tepi imeneyi panalembedwa dzina langa, eti "mkulu wodziwa mbiri ya Alomwe." Ha! Mkulu wake uti? Ine nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ya tiyi, ndevu zikungoyamba kulimba, ndipo Chilomwe changa chinali cha moni ndi chotukwanira basi.

Wodziwa anali atsibweni anga, a Nakhwala, mlongo wawo wa mayi anga, amene anakalambira kumunsi kwa phiri la Chambe akutsitsa matabwa a mkungudza pamutu. Iwowo ndiwo anasunga ulendo wonse wa fuko lathu: dzina la mayi amene anatsogolera anthu kuchoka ku Mozambiki, midzi imene anagonamo, amene anafera panjira ndi pamene anaikidwa, ndiponso maina a amayi onse mmodzimmodzi kufikira pa mayi anga. Nkhani imeneyi sinkanenedwa wamba ayi. Mwini wake ankainena yonse kamodzi kokha, atathira kaye ufa pansi, pomusiyira mwana wa mlongo wake, ndipo akatero watula, sabwerezanso. Woyenera kulandira ndinali ine, koma ndinkazemba, chifukwa masiku amenewo Chilomwe chinali chamanyazi. Kusukulu ukachilankhula ankakuseka nkumakutchula Mnguru, ndipo ife ovala nsapato tinkayankha makolo athu m'Chichewa ngakhale atilankhule chinenero chawo. Lero mukuchisaka ndi galimoto, koma ife tinkachibisa ngati chilonda.

Ndiye kunabwera uthenga kwa a Tcheya, wapampando wa chipani m'dera lathu, kuti kukubwera akatswiri a boma kudzajambula mbiri ya Alomwe, ndipo ine anandisankha kukhala womasulira chifukwa ndinkadziwa Chingerezi. Palibe anafunsa ngati Chilomwecho ndinkachidziwa. Atsibweni atamva anakondwa, ndipo anandiuza kuti, "Popeza iwe sukulu inakutseka makutu, ine ndikanena zonse m'bokosi la boma. Tsiku limene udzakhwime nzeru udzapita kukamvera komweko." Ine ndinavomera msanga, mumtima ndikuti ndapulumuka.

Tsikulo landirova inaima pabwalo la mpira la pa esiteti, ndipo munatuluka mkulu wa tayi amene ankamutchula kuti a Dokotala, ngakhale jakisoni sankabaya. Makina ake sanali tinthu tanu tolowa m'thumbati ayi, chinali chibokosi ngati sutukesi, cha timagudumu tiwiri tozungulira pamwamba, ndipo chinkadya mabatire koopsa. Anyamata a chipani a malaya ofiira anayamba aona kaye makadi a aliyense, kenako a Tcheya anaima kuti alandire alendo. Koma abale inu, munthu uja ataona maiki patsogolo pake anaiwala kukhala pansi. Anathokoza boma chifukwa cha mtendere, anathokoza chifukwa cha mvula, anathokoza chifukwa cha msewu umene unali usanamangidwe, ndipo timagudumu tija tinkangozungulira. A Dokotala ankatuluka thukuta, koma ndani akanazimitsa makina a Tcheya akutamanda boma? Atatha iwo analowa amayi a chipani ndi nyimbo zawo, za m'Chichewa zokhazokha, ndipo zimenezonso sizikanatheka kudula. Ndi zimene mwandimvetsera poyamba zija, zimene inu mwalemba kuti "nyimbo zamakolo." Iwe wa magalasiwe usaseke, walemba ndiwe.

Dzuwa lili pamutu ndi pamene anaitana atsibweni. Anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi, mpando anaukana, anakhala pansi, ndipo anamasula kansalu nkuthira ufa pang'ono padothi. Atatero anangoti chete, mutu ataweramitsa, chifukwa kwathu munthu sutchula akufa ukuthamanga, umayamba wawapatsa mpata kuti afike. A Dokotala anayang'ana wotchi, nkundinong'oneza m'Chingerezi kuti, "Kodi mdalayu ayamba liti? Mabatire atsala pang'ono, sindingajambule chete." Ndipo anadina batani, timagudumu tija tii, kuima.

Atsibweni atayamba kulankhula ndinawayang'ana a Dokotala kuti ayatse, koma iwo anamvetsera pang'ono nkupukusa mutu. "Izi zitenga tsiku lonse, ndipo kuofesi kulibe angazimve," anatero. "Asiyeni anene, maiki ikhale pomwepo kuti asakhumudwe. Akatha inu mudzatiuza mwachidule m'Chichewa, chinenero cha dziko." Anaika maiki pamwala patsogolo pa atsibweni, ndipo iwo ndi a Tcheya anapita kukamwa tiyi kunyumba kwa manijala. Amenewo ndiwo akatswiri a boma, ana anga, anayenda ulendo wonse uja kudzajambula Chilomwe, nkuchithawa chitangoyamba.

Tsono apa ndisanamizire ena okha. Ine ndinatsala pomwepo, ndipo ndinkaona ndi maso anga kuti timagudumu taima. Ndikanatha kukhala pansi nkumvetsera, pakuti nkhaniyo mwini wake ndinali ine, koma ndinaimirira pambali pa chibokosi chija manja kumbuyo, kuti atsikana othyola tiyi aone kuti boma landisiyira makina. Atsibweni ananena, kunena, kunena, thukuta likutsika m'jekete, ndipo pa maina ena mawu ankanjenjemera, misozi nkugwa, koma sanaime. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, iwo akulankhulabe ndi kachitsulo kakufa kali pamwala. Mithunzi itatalika anamaliza, anapukuta kumaso nkundifunsa kuti, "Zalowa zonse, mwana wa mlongo wanga?"

Ine ndinati, "Zalowa, atsibweni."

A Dokotala atabwerako, pakamwa pali nyenyeswa za sikono, anayatsa makina nkundiuza kuti ndiyambe. Ndikananena chiyani ine, poti sindinamve? Ndinangolumikiza zimene aliyense ankadziwa, kuti tinachokera ku phiri la Namuli ku Mozambiki, tinathawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi, ndipo tikuthokoza boma potilandira. Sindinathe ndi mphindi zisanu zomwe. Iwo anati zili bwino kwambiri, analemba dzina langa pa tepi, nkukwera landirova ulendo. Sanabwerenso, kalata sanalembe, ndipo tepiyo ndaimva koyamba lero, mutu uli mbuu.

Patapita zaka ndinakwatira, mayi anga anamwalira, ndipo pamaliro pao m'pamene ndinazindikira kuti sindidziwa ngakhale dzina la agogo awo. Mtima unandiwawa. Ndinakwera njinga kupita kumunsi kwa Chambe, ndinapeza atsibweni akuwothera dzuwa, miyendo itatupa, ndipo ndinawapempha kuti andiuzenso. Iwo anaseka. "Wakhwima tsopano? Pita kuboma ukamvere. Ine ndinatula kale, ndipo anthu ogona sitiwadzutsa kawiri." Mukuona, ana anga, pamenepo panangofunika mawu ochepa. Ndikanati atsibweni, makina aja anali ozimitsa, simunatule, ndipo ndikudziwa kuti akanandikalipira tsiku lonse kenako nkutuma munthu kukatenga ufa. Koma ndinayang'ana nkhope yawo, mmene anakhalira ndi mtendere poganiza kuti anthu awo ali m'manja mwa boma, ndipo ndinachita manyazi. Mumtima ndinati ndidzanena ulendo wina. Mvula ya chaka chomwecho isanathe tinawaika m'manda.

Ndiye lero mwabwera ndi pulojekiti yanu, mwati mwachotsa phokoso pa tepi, mawu akumveka bwino kuposa kale. Zikomo kwambiri, bodza langa likumveka bwino zedi. Zaka zonsezi tepi imeneyi yakhala m'kabati ya boma, anthu ophunzira aisamala, aipatsa nambala, aipukuta fumbi, inu mwaitsanulira m'kompyuta, ndipo palibe mmodzi anadabwa kuti tepi ya Chilomwe ilibe liwu limodzi la Chilomwe! Kale mabatire ankatha, nanga inu chimakutherani n'chiyani? Makina anu akhoza kumeza mawu a Mulanje yense osakhuta, koma mwafika pano mukuyang'ana foni monga a Dokotala ankayang'anira wotchi, ndipo ndamva iwe mwana wamkaziwe ukuuza dalaivala kuti mukhala mphindi makumi awiri basi.

Sindikukuthamangitsani ayi, ntchito yanu si yoipa. Koma dzina langa pamenepo mulifute, kapena mulembe zoona, kuti uyu ndi kalaliki amene sanamvetsere. Ndipo mukapeza nkhalamba ina imene idakali ndi zake m'mutu, pakuti zilipo zochepa m'midzi ya m'munsi mwa phirimu, mukakhale pansi pamene iyo yakhala, dalaivala apite akadye. Ikati chete musazimitse, ndipo ngakhale makina akujambula, inu makutu akhale pomwepo. Musanachoke muibwezere imve mawu ake yokha, kuti isadzafunse munthu ngati ine kuti kodi zalowa.

Tsopano tsegula kompyuta yakoyo, iwe wa magalasi. Pita kumapeto, pamene ndikuti tikuthokoza boma potilandira. Bwerera m'mbuyo pang'ono. Apo, ima. Kweza mawu. Mwamva munthu akutsokomola chapatali, kumbuyo kwa mawu anga? Ameneyo ndi atsibweni, kukhosi kutauma atalankhula masana onse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wowapatsa madzi. Za a Nakhwala boma linasunga chifuwa chimenecho basi. Kachidutswa kameneko musakachotse kuti n'phokoso. Ndibwezereninso ndimve.