Dzina Lobwereka pa Chiphaso cha Mwana

Pamzere wolembetsa ana obadwa kumene ku Mtakataka, bambo wina wonyamula khanda anatuluka mu ofesi akulalata. Mayi amene anali kumapeto kwa mzerewo anamufunsa chimene chavuta.

"Andikaniza! Akuti mwana alembedwe dzina lomwe lili pa chitupa changa, Laisoni."

"Nanga si lanu dzinalo, bambo?"

"Langa liti? Bambo anga atalephera Sitandade 8 anabwereka dzina la mnzawo kuti akabwereze kwina. Ife ndife a Kamtengeni a ku Golomoti."

"Mwadziwa liti zimenezi?"

"Mayi anga anaulula chaka chatha, bambo atamwalira. Nditapita kukafufuza abale, anandibweza ngati wakuba. Ati, 'Kuno kulibe Laisoni, mwasochera.' Ine magazi awo enieni!"

"Komabe musawanyoze malemu. Sukuluyo ndi imene inakulerani."

"Inatilera? Analepheranso kachiwiri, mayi! Dzina anataya, sukulu osaipeza!"

"Pepani. Tsono mwanayu mwamulemba ndani?"

"Laisoni, ndikanatani? Mwini dzinalo ali moyo, amagulitsa usipa pamsika apa. Sakudziwa n'komwe kuti lero wapeza mdzukulu."