Tsiku Limene Chipinda Chozizira Chinatentha

Abusa, amayi abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ndikufuna kuchitira umboni. Nsalu yakuda ndavalayi mukuidziwa, paja ambiri a inu munabwera kudzatithandiza kuika bambo anga. Koma sindinaimirire kuti ndilire. Ndaimirira kuti ndithokoze, ndipo mawu akandithawa mundidikire.

Ena mumangondiona pa Natale ndi pa Pasaka, n'kumafunsana kuti mwana wa a Mbewe uja amatani ku Tete. Ndimagwira ntchito pa kampani ina imene imasungira anthu zinthu zawo za mu komputadori: zipatala zing'onozing'ono, malo ogulitsira mankhwala, masukulu. Tili ndi chipinda chopanda zenera, m'mene mwaima makina aatali ngati makabati. Timawatcha masevidori. M'kati mwa sevidori imodzi mumakhala makomputadori ambiri opanda thupi, osagwirika ndi dzanja, aliyense akutumikira mwini wake. Namwino akafuna kudziwa mankhwala amene wodwala wake amamwa, yankho limachokera m'chipinda chimenecho.

Makinawa amatentha kwambiri, choncho chipindacho timachiziziritsa osalekeza. Ku Tete, kumene anthu amagona pakhonde kuthawa kutentha, ine ndimagwira ntchito nditavala juzi. Bambo anga ankaseka nazo. Ankauza anzawo ku Fonte Boa kuti, "Nambewe wanga anaphunzira zaka zonse zija kuti azikakhala mu jelera, mufiriji muja, ngati nyama ya pa ukwati." Ntchito yanga sanaimvetse mpaka kalekale, ndipo ine ndinatopa n'kufotokoza.

Linali Loweruka, nyengo ija mvula isanagwe, dzuwa la ku Tete likuwotcha ndi m'mawa momwe. Ndinali pa piketi, ndiye kuti mlonda wa makina tsiku limenelo ndinali ine ndekha. Ashefi, abwana athu, anali ku Maputo, mnzanga wa pantchito anali pa tchuthi kutali. Makina oziziritsa tili nawo awiri. Amodzi anali atafa kale, tikudikira chitsulo chake. M'mawa umenewo enawo anangoti zii.

Ndisanaganize n'komwe chochita, telefoni inalira. Anali achimwene anga aakulu, ali kuchipatala kuno ku Ulongwe.

"Nambewe, bambo tawagoneka dzulo. Kupuma kukuwavuta. Akungotchula iwe. Kwera shapa tsopano lino."

Abale, ndinaima pakati pa chipinda chija, chikwama chili m'manja. Ndikanatha kuzimitsa zonse, n'kukhoma chitseko, n'kuthamangira shapa, minibasi yobwera kuno. Koma kuzimitsa ndiye kuti zipatala zija zakhala mumdima, odwala ali pamzere. Ndiponso madisku, mbale zimene zimasunga zonsezo, akazima ali otentha ena sadzukanso. Kuwasiya akuyaka, akanapsa dzuwa lisanafike pamutu. Njira inali imodzi: kusamutsa makomputadori opanda thupi aja, mmodzimmodzi, akugwirabe ntchito, kupita ku chipinda china cha kampani yathu ku Beira. Ndipo lamulo la ntchito yathu ndi lakuti amene wayamba kusamutsa sachoka mpaka wa tsidya linalo atanena kuti, "Ndalandira." Ukachoka pakati, chinthucho sichikhala kuno, sichikhalanso uko.

Inu olima kachewere m'madimba mukundimva bwino. Kwathu, ikakhala nthawi yako ya madzi a mumfuleni, ukatha kuthirira sungonyamula khasu n'kumapita. Umatseka pako, umatsegulira mnzako wakumunsi, ndipo umaima pomwepo mpaka iye atakuwa kuti madzi afika. Bambo anga anatilera choncho. Mvula ya matalala igwe, nyumba ipse, iwo sankachoka pa mfuleni asanamve mawu amenewo.

Ndinaika chikwama pansi. Ndinaimbira mnzanga wa ku Beira, tinayamba. Ndinavula juzi, ndinatsegula chitseko, ndinakokera m'menemo zopemerera mphepo zonse za m'maofesi. Ndikasamutsa, iye akati ndalandira, ine ndimazimitsa sevidori imodzi kuti moto uchepe. Kusamutsa, kudikira, kuzimitsa. Kusamutsa, kudikira, kuzimitsa. Thukuta likulowa m'maso, telefoni ili pambali, ndipo ikangowala mtima wanga umati ndi uthenga uja.

Chomaliza chinali chachikulu kuposa zonse, nkhokwe ya zipatala zija. Pagalasi pamakhala kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika. Kamzere kaja kanayenda, kanayenda, kenaka kanaima. Apo ndi pamene achimwene anaimbanso.

"Uli pati? Wadutsa Moatize?"

"Ndikadali kuntchito, achimwene."

Iwo anati, "Pali makina, pali bambo ako. Wasankha makina." Anadula.

Amayi, inu mukudziwa mawu amene amalowa mpaka m'mafupa. Ndinakwiya. Ndinakwiyira achimwene, ndinakwiyira kampani, ndipo Abusa mundikhululukire, ndinakwiyiranso Mulungu. Ndinawafunsa kuti masiku onse a chaka alipowa, munasankhiranji limodzi lomweli pa zinthu ziwiri? Ndinagwada pansi pakati pa makabati otentha aja, ndinalira ngati mwana. Mawu aatali a pemphero ndinalibe. Ndinangoti, "Ambuye, manja anga ndi awiri okha, ndipo onse ali kuno. Ine ndigwira kuno, Inu mugwire uko." Ndinabwereza, ndinabwerezanso. Ine ndigwira kuno, Inu mugwire uko.

Sindikunamizani kuti ndinamva mawu kapena kuona kuwala. Nditadzuka, kamzere kaja kanali katayambanso kukwawa, pang'onopang'ono ngati madzi a mumfuleni pa nthaka youma. Dzuwa litapendeka, mnzanga wa ku Beira anati, "Ndalandira. Zonse zadzuka, palibe chasowa. Thamangani."

Nditafika pokwerera, mashapa a ku Angonia anali atatha. Ndinaima pamsewu osadziwa kolowera. Ndiye panaima lole yopanda katundu, yochokera kotsitsa kachewere kumsika. Woyendetsa anasuzumira, n'kuti, "Inu si mwana wa a Mbewe a kumtunda kwa mfuleni? Kwerani." Sindinamuitane munthu ameneyo, abale. Sindinamuitane.

Njira yonse telefoni ndinaiika pansi pa chikwama, kuopa kuiyang'ana. Titayamba kukwera mapiri, mphepo yozizira ya kwathu kuno itandiomba kumaso, ndinadziwa kuti tayandikira.

Tinafika dzuwa litangolowa. Achimwene anali pakhomo la wodi. Anangopatuka. Bambo anali chigonere, atachepa thupi, koma maso ali otsegula. Anali moyo, abale. Anali moyo.

Ndinagwada pambali pa bedi. "Bambo, ndachedwa. Mundikhululukire."

Anandiyang'ana. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Za eni zija wasiyira yani?"

"Ndapereka kwa mnzanga wa ku Beira."

"Anakuwa kuti afika?"

"Anakuwa, bambo."

Anatseka maso, n'kugwedeza mutu. "Ndinamuuza mchimwene wakoyu kuti mwanayo ali pa mfuleni, musamuvute. Ndimadikira." Kenaka anagwira dzanja langa, n'kumwetulira pang'ono. "Lero likutentha. Jelera ija yafadi."

Zaka zonse ndinkati bambo sadziwa ntchito yanga. Dzina la makina amodzi sanalidziwe, n'zoona. Koma ntchitoyo anandiphunzitsa ndi iwo.

Mulungu anatipatsa masiku ena ochepa. Ndinawamwetsa phala, ndinawapukuta kumaso, tinaimba limodzi. Achimwene anabwera kudzakhala pambali panga, ndipo za mawu aja sitinakambenso, panalibe chifukwa. Bambo anapita m'mawa wina, dzanja lawo lili m'dzanja langa, Abusa atangotha kupemphera. Pamenepo ndinakumbukira pemphero langa la ku Tete. Ndinati, "Ambuye, munawagwira mpaka ndafika. Tsopano ndikupereka kwa Inu." Ndipo mumtima mwanga ndikudziwa kuti analandira.

Zikomo Abusa chifukwa chobwera kuchipatala. Zikomo amayi amene munagona pasiwa, ndi inu abambo amene munakumba manda. Zikomo Yesu, amene munagwira kumene manja anga sanafike. Abale, nsalu yakudayi isakumangeni pakamwa. Ine ndinawapeza bambo anga ali moyo, ndinamva mawu awo. Imirirani, mukondwere nane, timuimbire Iye amene anawadikiritsa. Amen.