Motoka ya pa Shelufu

Chabwera wa ku Matero anathyola sitelingi yapulasitiki ya masewera ake othamangitsa magalimoto pa TV, pomwe Loweruka anali ndi mpikisano ndi mlamu wake Jameson, amene ankamuseka m'komboni yonse kuti ndi dalaivala wa wilibala. Choncho anazula sitelingi ya minibasi yakufa n'kupita nayo kwa a Mukupa, owotcherera zitsulo.

"Ba Mukupa, nifuna kachitsulo kozungulira ka mabowo, kolumikiza sitelingi iyi ku makina anga."

A Mukupa anakweza magalasi awo akuda. "Motoka ili kuti?"

"Ku nyumba, mu TV."

"Mu chani?"

"Mu TV, pa shelufu!"

"Aa! Mwaika motoka pa shelufu? Akazi anu avomera?"

"Imwe, pangani chabe kachitsulo!"

"Iyenda na petulo olo dizilo?"

"Na malaiti."

"Manje malaiti akapita muli pakati pa mseu?"

"Ninyamuka, niyenda kukasamba."

A Mukupa anaika nyundo pansi mwaulemu. "Mabuleki ali kuti?"

"Pansi pa tebulo."

"Ithamanga bwanji?"

Apa Chabwera anatukula chifuwa. "Monga ndeke! Dzulo ninagubuduzika katatu."

"Katatu! Na laisensi muli nayo?"

"Siifunika."

"Ehe! Ndiye mufuna kupha ana a eni na chitsulo changa?"

"Kulibe wakufa, ba Mukupa! Ukagunda, uyambanso!"

"Uyambanso kugunda?"

Chabwera anagwira mutu. Koma wowotcherera wina wodziwa kuboola molunjika kunalibe m'derali, ndipo nkhope ya Jameson inkamubwerera m'maso. Anakakamira pomwepo mpaka a Mukupa anadula chitsulo, kuchiboola, kuchipala bwinobwino, kenako n'kukana kuchipereka.

"Nikamanga neka. Nifuna nione motoka yamene iyi."

Atafika kunyumba kwa Chabwera, a Mukupa anamanga mabauti, sitelingi ya minibasi n'kukhala nganganga pa tebulo. Anasuzumira kuseri kwa TV, n'kupukusa mutu.

"Bodza chabe. Vidoli va ana."

"Khalani muyese."

"Ine? Chabwino, chitsulo changa niyesa neka."

Anakhala pampando, naponda chopondera moto pansi pa tebulo. Pa TV galimoto yofiira inalira, mitengo n'kuyamba kuthawira kumbuyo.

"Mayo! Chabwera, igwire!"

"Khotani! Kona iyo!"

"Hutala ili kuti? Chokani imwe! Chokani!"

Galimoto inasiya msewu, inaboola mpanda, n'kukagwera chagada pakati pa khamu la anthu oonerera. Utsi tolotolo.

A Mukupa anadzuka pang'onopang'ono. Anatulutsa kansanza m'thumba, napukuta sitelingi yonse mosamala, natolera masipanala awo.

"Ba Mukupa, ni vidoli va ana, si mwakamba mweka?"

Iwo anali atafika kale pakhomo. Anasuzumira uku ndi uku mumsewu, kenako ananong'ona:

"Apolisi akabwera, ndimwe munali kuyendetsa. Ine ninabwera chabe kumanga mabauti."