Tsiku limene ndinadziyeza ndi bango

Omvera anzanga, pa Dzoole ponse palibe munthu womaliza zinthu mwadongosolo ngati ine. Koleji yokha ndiyo inandikanika.

Nditabwerera kumudzi ndinakhala miyezi itatu m'nyumba, osasamba, osayankhula, chakudya chikungondinunkhira dothi. Tsiku lina masana ndinadziyeza ndi bango, monga amayezera maliro, n'kukalipereka kwa mkulu wa adzukulu okumba manda.

"Watisiya ndani, mwanawe?"

"Ndine, bambo. Uthenga wangochedwa."

Sanaseke. Anathyola bangolo n'kundigwira dzanja mpaka kwa amalume. M'mawa mwake anandigoneka kuchipatala cha matenda a maganizo, komwe ndinakhala milungu isanu. Pano ndikumwa mankhwala, ndipo chakudya chayambanso kukoma.

Wanu akangoti zii masiku ambiri, thamangani naye kuchipatala. Ine zonsezi zinangondidyera K500, ya kabuku kolembamo adokotala.