Mayina Asanu ndi Awiri a Bambo Namakhwa

Malemu bambo Spencer Namakhwa anabadwa pa 3 Malichi 1948 konkuno kuchigwa cha Domasi, m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ndipo iwo anali achitatu. Amene ndaima panone ndine Morton, mwana wa mchemwali wawo. Dzulo masana akubanja ena anandipempha kuti ndime zina za mbiriyi ndizidumphe, ati pamaliro sayambitsirapo milandu. Ndinawamva ndithu. Koma eniake a mbiriyi anandiuza okha zoti ndinene, ndipo malume anga sindinawakanirepo ntchito ali moyo, sindingayambe lero.

Makolo a malemu anachokera ku Mozambique, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Paulendo umenewo mayi awo, ali mtsikana, anasiya azing'ono awo awiri m'njira, popanda manda, popanda ngakhale mwala wosonyeza pamene anagona. Malemu anakula akumva nkhani imeneyi, ndipo muona kutsogoloku chifukwa chake ndaitchula.

Sukulu anayamba m'chaka cha 1956 pa Domasi Mission. Analekezera Sitandade 8 mu 1964 bambo awo atamwalira, kuti azithandiza mayi awo kumunda wa mpunga.

Mu 1968 analembedwa ntchito pachigayo cha mzungu wina wachikulire, a Garabed Najarian, amene achikulire muli pano mukuwakumbuka ndi dzina lakuti Che Garabedi. Ambiri ankawayesa Mgiriki, koma anali a mtundu wa Aameniya. Anali ndi khalidwe limodzi lodabwitsa. Chaka chilichonse pa 24 Epulo, nthawi imene chimanga chatsopano chayamba kufika pachigayo, iwo ankatseka tsiku lonse, azimayi n'kumabwerera ndi madengu kumutu akung'ung'udza. Malemu, paja mukuwadziwa kuti sankagona ndi funso m'mimba, chaka chachitatu anawafunsa.

Mkulu uja anatulutsa kapepala m'chitini cha fodya. Anafotokoza kuti pa 24 Epulo 1915, iwo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, boma la ufumu wa Otomani, kumene lero kuli dziko la Turkey, linayamba kupulula mtundu wawo. Amuna ankaphedwa, akazi ndi ana n'kuwayendetsa wapansi kupita kuchipululu cha Siriya, opanda madzi. Anafa anthu opitirira miliyoni imodzi. Pabanja pawo anatsala okha, ndipo pakapepalapo panali mayina a abale awo asanu ndi awiri. Chimene chinkawadya mtima kwambiri n'chakuti olamulira kwawoko ankakana kuti panali chiwembu chotere. Malemu atamva za anthu otsala m'njira opanda manda, anakumbukira azing'ono a mayi awo aja, ndipo kuchokera tsiku limenelo za bwana ndi wantchito zinatha, unatsala ubale.

Pa 12 Ogasiti 1972 anamanga banja ndi mayi Eneless, amene akhala apawa. Mboni yawo paukwatiwo anali mnzawo wa kuubwana, a Stewart Mulinde.

Che Garabedi anamwalira mu 1979. Analibe mkazi, analibe mwana, analibe kwawo koti n'kuwapititsa. Malemu anapempha malo kumanda a banja lathu, kumene tikupita posachedwapa, ndipo mafumu anavomera. Asanatsirizike, mkulu uja anawapatsa chitini chija n'kuwapempha zinthu ziwiri: kuti mayinawo azitchulidwa mokweza chaka chilichonse, ndiponso kuti tsiku lina akuluakulu a dziko lino limene linawasunga adzamve ndi kuvomereza kuti zinachitikadi. Malemu analonjeza zonse ziwiri.

Kuyambira 1980 mpaka 2008 anagwira ntchito yokonza makina ndi mipope pakoleji ina konkuno. Zaka zonsezo, pa 24 Epulo ankadzuka ndi khasu, kulambula manda aja, kuvula chipewa, n'kuwerenga mayina. Ena a inu munkawaseka kuti a Namakhwa akulira maliro a azungu osawadziwa. Iwo ankangoyankha kuti maliro alibe khungu, n'kupitiriza kulambula.

Mu 2014, zaka zana zitatsala pang'ono kukwana chichitikireni zoopsa zija, anaganiza zokwaniritsa lonjezo lachiwiri. Analemba kalata yopempha Nyumba ya Malamulo kuti ivomereze kuti Aameniya anapululidwa, ndi kuti tsiku lawo lizikumbukiridwa. Analemba pamanja, masamba khumi ndi asanu. Kenako anapalasa njinga miyezi inayi, kumipingo, kumizikiti, kumsika wa Songani, kumadimba, akufotokozera anthu mmodzimmodzi. Odziwa kulemba anasaina, osadziwa anadinda chala. Onse anakwana 312, ndipo ambiri a inu zala zanu zili pamenepo.

Mu Januwale 2015 anapereka envulopu ya kalatayo m'manja mwa a Stewart Mulinde, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito muofesi ina ku Lilongwe ndipo ankati amadziwana ndi oyenera kuilandira. Mayi Eneless anawauza kuti bwanji osangoitumiza papositi. Malemu anakana. Anati mau olemera chotere satumizidwa ngati katundu, amapita ndi munthu wodziwika, ngati mmene timatumizira uthenga wa maliro. Kumeneko ndiko kulakwa kwawo kokha pankhani yonseyi, kukhulupirira mnzawo.

Zaka khumi, anthuni! A Mulinde akabwera kutchuthi ankati kalata inafika, ili patebulo la akuluakulu. Chaka china ankati yadutsa kukomiti. Chaka china ankati boma siliyenda ngati njinga, dikirani. Malemu ankawaphera nkhuku, n'kupita kumanda kukauza Che Garabedi kuti zikuyenda. Epulo aliyense ankakhala pafupi ndi wailesi kuti mwina amva chilengezo.

Pa 17 Meyi chaka chino cha 2025, mayi Eneless anagula matemba pa Songani. Atafika kunyumba n'kumasula pepala limene anawakulungira, malemu anazindikira kalembedwe kawo komwe. Linali tsamba lachinayi la kalata ija, lomwe linali ndi mayina asanu ndi awiri aja, litanona mafuta a nsomba. Anakwera njinga nthawi yomweyo kuthamangira pa Songani. Wogulitsa nsombayo, a Yunusu, alibe mlandu uliwonse. Mapepalawo anawatola pamulu wa zakale zimene zinatayidwa kunyumba kwa a Mulinde, iwo atapuma pantchito n'kubwerera kumudzi. A Yunusu atamva chimene chinali m'mapepalamo anagwira pakamwa, chifukwa chala chawo nachonso chinali patsamba lina. Anabweza masamba khumi ndi limodzi amene anatsala. Enawo anali atapita kale ndi ndiwo m'makomo mwa anthu.

Malemu anapita kwa mnzawoyo. A Mulinde anavomera kuti envulopu ija sinatulukepo m'kabati. Ati ankaopa kusekedwa kuntchito ndi nkhani ya anthu akutali amene anafa kalekale, ndipo ankaganiza kuti malemu adzatopa okha n'kuiwala. Malume sanakalipe, sanatukwane. Anangopinda masamba awo n'kubwerera akukankha njinga, osaikwera. Ine ndinakumana nawo pamlatho, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawaona akulira. Chinawapweteka si kuopa kwa mnzawoyo ayi, poti mantha tonse tili nawo. Chinawapweteka n'chakuti kwa zaka khumi anakhala akunamiza munthu wakufa, ndi pakamwa pawo pomwe.

Sindikunena kuti a Mulinde ndiwo awapha. Matenda a kuthamanga kwa magazi anali nawo kale. Koma ife akubanja tapwetekedwa mtima, ndipo tingakhale abodza titabisa. A Mulinde muli pano, takuonani, ndipo palibe akuthamangitseni. Khalani mumve mpaka kumapeto.

Pa 2 Juni malemu anagwa kumunda, mbali ya kumanja n'kufa ziwalo. Anagonekedwa kuchipatala chachikulu cha Zomba masabata atatu, kenako anabwerera kunyumba. Atisiya Lachiwiri pa 9 Seputembala, ali ndi zaka 77.

Asiya mkazi wawo mayi Eneless, ana anayi, Millicent, Felix, Tamara ndi Mwai, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi mchemwali wawo mmodzi, mayi anga a Esnath. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a mvano amene ankabwera kudzathandiza, adzukulu okumba manda, mafumu, ampingo, ndi a Yunusu amene anatibwezera masamba aja.

Sabata yomaliza, lilime likulemera kale, malume anandipatsa chitini chija nandiuza kuti: “Kalata sinafike. Koma pamaliro anga padzakhala mafumu, abusa, mashehe ndi akuboma, ndipo palibe amanyamuka mbiri isanathe. Ukawerenga amene ndasiya, udzawerenge ndi awa.”

Choncho akuluakulu nonse, imvani. Malemu asiyanso Sarkis, bambo a Che Garabedi. Araksi, mayi awo. Hovsep ndi Levon, achimwene awo. Mariam ndi Siranush, achemwali awo. Wachisanu ndi chiwiri analembedwa kuti khanda basi, chifukwa anafera m'njira asanapatsidwe dzina.

Malume, mwamva, tawatchula pagulu, ndipo pa 24 Epulo khasu lanu ndidzanyamula ndine. Mzimu wanu, pamodzi ndi mizimu ya anthu asanu ndi awiriwa, iuse mumtendere.