Mayi Alufandika, Amene Ankapereka Moni kwa Akufa

A bwana mkulu wa chipatala, madokotala, anamwino, abambo Cuthbert Alufandika ndi ana, ndikupatsani moni. Anzanga a kumochale amene mwabisala kumbuyoko, sunthirani kutsogolo. Lero ndi lathu.

Ndine Stafford. Ndagwira ntchito ndi mayi Esitere Alufandika, amene akupuma pantchito lero, zaka 26.

Tsiku lawo loyamba, mu 1997, nsalu yofunditsa maliro inagwedezeka. Anali mphaka. Mayiwa tinakawapeza pageti, nsapato imodzi ili m'manja, akuimitsa minibasi ya ku Songani!

Anabwerako. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akatsekula chitseko ankati, "Mwadzuka bwanji nonse muno?" Ine wa Sabata ndinkati, "Amayi, akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu mpaka lipenga lidzalire." Iwo, Mkatolika weniweni: "A Stafford, ena ali ku puligatoliyo, akufuna mapemphero athu." A Gilson oyendetsa ambulansi, a CCAP, n'kumakuwa ali panja kuti wokhulupirira akangofa ali kale ndi Ambuye. Palibe anagonjapo.

Tinagwirizana kamodzi. Mu 2001, matenda aja a Edzi atavuta, tinalandira maliro a Jacqueline, mtsikana wa ku Chikanda amene ankagwira ntchito m'bala. Mayi ake anabwera ndi mkulu wa mpingo wawo. Mkuluyo anaima pakhomo, mpango uli pamphuno, nati, "Mpingo suyimba. Ameneyu mzimu wake uli kale kumoto." Mayi a mwanayo anagwa pansi.

Mayi Alufandika anavula magolovesi.

"Abambo, kumotoko munapitako? Munamuona? Ine ndamusambitsa ndi manja awa, koma kumene ali sindikudziwa. Inu amene mukuopa ngakhale kulowa, mwadziwa bwanji?"

Anamuveka Jacqueline chitenje chawo, nayambitsa nyimbo. Ine ndinayimba. A Gilson anayimba. Mipingo itatu, mpaka kumanda. Titabwerako akuluakulu a chipatala anatiopseza ndi kalata chifukwa chochoka pantchito masana. Mayiwa anati, "Lembani. Akabwera wina wotere, ndipitanso." Ndipo anapitadi, kambirimbiri.

Anthu amatitcha afiti. Kumsika ena sagwira dzanja lathu. Akane! Dzanja lomwelo linasambitsa abale awo, iwo atathawa. Amayi, munatiphunzitsa kusachita manyazi ndi ntchitoyi. Zikomo.

Kapumeni tsopano. Limani nandolo wanu, lerani adzukulu, dzukani dzuwa litakwera. Ndipo inu nonse, ngakhale amene mumalambalala khomo lathu, imirirani. Manja amveke mpaka kuphiri!