Dzina Limene Analiika Pakati pa Ophika ndi Akwaya

Malemu mayi Ellen Chimuka, omwe atisonkhanitsa lerowa, anabadwa pa 9 June 1971 ku Ntcheu. Ndikuwerenga ndine mlongo wawo, Reinford. Anaphunzira unamwino ku Blantyre, ndipo mu 1996 anakwatiwa ndi bambo Morton. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Junior, koma banjalo linatha mu 2003.

Mu 2004 anabwera kuno ku London nayamba ntchito pachipatala ku Lewisham. Kuyambira 2009 ankakhala ku Thamesmead ndi mayi Peggy a ku Chipata. Zaka khumi ndi zisanu, ife achibale tinkangowatchula mayi Peggy kuti flatmate, munthu wongokhala naye nyumba imodzi. Tinkaona ndithu, koma tinasankha kukhala akhungu.

Mu 2019 akafukufuku a payunivesite ina anapempha malemu kuti amasulire mafunso m'Chichewa. Ankafuna kuyeza mmene amuna okonda amuna anzawo, ndi akazi okonda akazi anzawo, amadzidera okha chifukwa cha zonena za anthu. Munthu ankawerenga chiganizo, monga chakuti ndimalakalaka ndikanabadwa wina, n'kuzunguliza nambala: wani ngati sizimukhudza, faivi ngati zimamudya mumtima. Malemu anayenda nawo mapepalawo pabasi mpaka ku Romford. Ife tinkawaseka kuti ntchito zina n'zachibwana.

Anayamba kudwala khansa mu 2023, ndipo anatisiya pa 2 November 2024. Polongedza katundu wawo tinapeza pepala limodzi la mafunso aja m'Baibulo, lopanda dzina, koma dzanja la achemwali ndimalidziwa. Funso lililonse faivi. Abale anga, mayi amene ankatiseketsa pa Khirisimasi aja! Manambala amenewo sakundichoka m'maso, ndipo ndikuopa kuti cholembera anagwira iwo, koma olemba tinali ife.

Papepala limene akubanja andipatsali, dzina la mayi Peggy lili kwa oyenera kuwathokoza, pakati pa ophika ndi akwaya. Pepani akuluakulu, mundidzudzule tikatuluka, koma sindiwerenga choncho.

Malemu asiya mayi Peggy, wokondedwa wawo, amene anawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa ya matenda mpaka tsiku lomaliza. Asiyanso mwana wawo Junior, zidzukulu ziwiri, ndi alongo atatu.

Tikuthokoza anamwino anzawo, azimayi ophika, akwaya, ndi nonse mwabwera kudzatipepesa.

Achemwali, mzimu wanu uuse mumtendere. Manyazi aja musapite nawo, atsale ndi ife.